Phokoso la Kumanzere

Khutu langa lakumanzere linafera ku Joni. Sindinauze munthu aliyense kumudzi, ngakhale mkazi wanga NyaMsiska, ndipo kubisa kumeneko kunatsala pang'ono kundithetsera banja lomwelo limene ndinapitira kunja kuti ndikalidyetse. Ndikamakamba masiku ano anthu amaseka, nanenso ndimasekako, koma nthawi imeneyo mano anga sankaoneka.

Ndinachoka kwathu ku Mwazisi chaka chimene njovu za ku Vwaza zinatidyera chimanga, fodya naye n'kubwezedwa kumsika. Mwana wathu Tiwonge anali akuyamwa. NyaMsiska anandiperekeza mpaka pa Bolero ndipo sanalire. Anangoti ndikafika ndiimbe foni, n'kutembenuka mwana ali kumsana. Ndinamuuza kuti ndi zaka ziwiri zokha. Aliyense wopita ku Joni amanena zaka ziwiri.

Kumeneko ndinayamba ndi kutsuka magalimoto pamsewu. Tinkagona amuna asanu ndi mmodzi m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu, ndipo nyengo yozizira tinkavala masokosi m'manja. Za apolisi sindikamba zambiri. Aliyense amene anakhalako wopanda mapepala amadziwa mmene mtima umadumphira galimoto yawo ikayamba kuchepetsa liwiro pafupi nawe. M'kachipindamo ndimo ndinadziwana ndi Amidu, Myao wa ku Mangochi, wamfupi, wapakamwa, amene ankanditcha Mbwenumbwenu chifukwa cha Chichewa changa cha kumpoto. Iyeyu ndiye anandilowetsa ntchito pa galaja pamene ankagwira.

Pa galajapo pankabwera matakisi oitanitsa pa foni, ambiri mwa iwo ahaibulidi okalamba. Galimoto yotere ili ndi injini ya petulo komanso batire lalikulu kumbuyo. Ikamayenda pang'onopang'ono kapena potsetsereka injini imazima yokha, galimoto n'kumangoyenda zii. Ikadali yatsopano anthu amaikonda chifukwa cha bata limenelo. Ikakalamba, bata lomwelo ndilo limaiyalutsa, pakuti palibenso injini yobisa kulira kwa matayala, mluzu wa mphepo ndi kugogoda kwa pansi. Madalaivala ankabwera atakwiya, amvekere okwera akudandaula kuti m'galimoto simukumveka ngakhale foni.

Apa m'pamene ndinapezera dzina. Amakanika anzanga ankathamangira kulumikiza kompyuta, koma kompyuta siimva phokoso la msewu. Ine ndinali ndi makutu a munthu wokulira m'malire a Vwaza, wodziwa kusiyanitsa nthambi yothyoledwa ndi mphepo ndi yothyoledwa ndi njovu. Amidu ankayendetsa, ine n'kukhala kumbuyo. Phokoso likamasintha pochoka pa tara wosalala kulowa pa wokhakhala, ndinkadziwa kuti ndi matayala. Likamangolira kuti wuuu, kukula ndi liwiro, n'kuchepa tikakhotera mbali imodzi, imeneyo inali beringi ya wilo. Mluzu unali wa mphepo yolowera pa rabala za zitseko, ndipo umboni wake unali kutsekera pepala pachitseko n'kulikoka. Likatuluka mosavuta, rabalayo yatha. Mwini galaja ankanditcha dokotala pamaso pa makasitomala, ndipo sindikana, mutu unandikulira. Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kumudzi, NyaMsiska n'kumanditumizira zithunzi za njerwa, kenako za malata, kenako za Tiwonge atavala yunifolomu. Zaka ziwiri zija zinabala zinzake, ndipo kumudzi ndinangofikako kawiri, ngati mlendo.

Tsiku la tsokalo sinali n'komwe ntchito yanga. Ndinangothandiza mnzanga kupopa tayala la lole, nditagwada pambali pake, ndipo linaphulika. Ndinadzuka ndili chagada, fumbi lili m'kamwa, anthu akutsegula pakamwa koma mawu osamveka. Madzulo khutu lakumanja linabwerera. Lakumanzere linatuluka magazi pang'ono, kenako munalowa nyenje imene ikulira mpaka lero. Kuchipatala sindinapite, ndinkaopa kufunsidwa mapepala. Ndinadziuza kuti lidzatseguka lokha.

Chimene anthu a makutu awiri sadziwa n'chakuti khutu limodzi limamva phokoso koma silidziwa kumene likuchokera. Dokotala wa phokoso wosadziwa kumanja ndi kumanzere ndi dokotala wanji? Ndinachita mantha kwambiri. Ndinaphunzira kuima mopendeketsa mutu, ndi kuyankha kuti yebo, eya wa kumeneko, pa chilichonse chimene sindinamve. Amidu yekha ndiye anandigwira. Anandiitana katatu ali kumanzere kwanga, kenako anazungulira n'kudzaima kutsogolo.

"Achimwene, khutu ili lapita," anatero motsitsa mawu. "Musadandaule. Ine ndili nawo awiri, tigawana."

Kuyambira pamenepo, tikamayesa galimoto kasitomala ali momwemo, Amidu ankayendetsa akuimba kanyimbo kake kopeka, mawu ake ali akuti kumbuyo kumanzere, kumbuyo kumanzere. Ine n'kutsinzina ngati munthu wozama, n'kulengeza m'Chingerezi kuti vuto lili kumbuyo kumanzere. Zina ndinaphunzira kumva ndi manja. Ukakweza galimoto pa jeke n'kuzunguza wilo utagwira sipuling'i, beringi yotha imanjenjemera m'zala. Ukayendetsa chikhatho pa tayala lodyeka molakwika umamva ngati mano a sowo. Tinadya motero kwa nthawi yaitali ndithu.

Amidu apolisi anamugwira Lachisanu lina masana akuchokera ku mzikiti, ndipo anamutumiza kwawo ndi zovala za m'thupi zokha. Ndinamulira ngati m'bale wanga. Sabata yomweyo ndinasintha beringi yabwinobwino ya kumanja, yowonongeka ili kumanzere. Sabata yotsatira ndinabwerezanso. Mwini galaja anabwera n'kuima kumanzere kwanga akulankhula, ine ndinayankha kuti yebo. Anzanga anandiuza pambuyo pake kuti ankandifunsa ngati ndimamuona ngati chitsiru. Ntchito inathera pomwepo. Ndinagula kwa mwini galajayo haibulidi imodzi yopuma pa utakisi, n'kulongedza katundu wanga, ulendo wa kwathu.

Ku Mwazisi anandilandira ngati munthu wopambana. Ana anathamangira galimoto akudabwa kuti ikuyenda yosaliza. Koma m'nyumba ndinapeza kuti malo anga ndi ochepa. Tiwonge amene ndinamusiya akuyamwa anali ku sekondale yogonera konko. NyaMsiska anali atamanga nyumba yekha, akuyendetsa munda wa fodya yekha, ali mlembi wa amayi a umanyano kutchalitchi, amene kumwera amati amvano. Anthu akabwera pakhomo ankandipatsa moni mwaulemu kenako n'kufunsa ngati amayi alipo. Zinkandiwawa. Ndinkaona kuti chimene chandisiyanitsa ndi mlendo wamba ndi galimoto ija ndi dzina langa la umakanika, choncho kunena kuti ndabwerako ndili gonthi kunali ngati kudzivula pagulu.

Mkazi wanga ndi mwana wa ku mishoni ku Nchenachena, anthu ophunzitsidwa kuti mawu sakwezedwa. Amalankhula ngati akupemphera. Akakhala kutsogolo kwanga ndinkatembenuza mutu kuti ndimupatse khutu lamoyo, osadziwa kuti kwa iye ndikuoneka ngati mwamuna wolephera kuyang'ana mkazi wake m'maso. Ku Mwazisi aliyense amadziwa chimene chimachititsa zimenezo kwa munthu wochokera ku Joni. Ndipo m'galimoto zinkafika poipa. Dalaivala amakhala kumanja, wokwera naye kumanzere kwake, ndiye kuti mkazi wanga ankakhala moyang'anizana ndi khutu lakufa.

Yebo wa ku Joni uja ndinamusintha kukhala yewo wa kwathu, amene ndi zikomo. Mawu amenewa ndi okoma kwa munthu wosamva, chifukwa amalowa paliponse. Munthu akakupatsa madzi umati yewo, mukadutsana panjira yewo, wamkulu akamaliza kulankhula yewo. Ndikaona pakona ya diso kuti milomo ya NyaMsiska yasiya kugwedezeka, ndinkangoti yewo, mama, n'kupitiriza kuyendetsa.

Mumtima ndinkaimba mlandu galimoto. Msewu wathu wafumbi, ndi mabampu ake ang'onoang'ono ondondozana aja, unkaisandutsa ng'oma. Ndinadziuza kuti ndikangothetsa phokoso la m'kati, khutu limodzi lidzakwanira ndipo palibe adzadziwe kanthu. Ndinaigwira ntchitoyo ngati munthu wolodzedwa. Matayala akumbuyo anali ndi mano a sowo aja, ndinawasintha. Rabala za zitseko ziwiri zinalephera mayeso a pepala, ndinakafuna zina kwa ogulitsa zida zakale pa boma. Mapulasitiki a pamwamba pa mawilo anali atang'ambika, miyala ikumenya chitsulo, ndinadula machubu akale n'kumangirira. Zomata zenizeni zoletsa phokoso kuno kulibe, ndiye ndinagula tepi ya phula yomatira malata akamadontha, n'kumata m'kati mwa zitseko ndi m'dzenje la tayala lapadera mu buti, mpaka chitsulo chikagogodwa chizingoti du du. Pansi pa kapeti ndinayala mabulangete a kaunjika, kusiya poyera pokhapo polowera mpweya woziziritsa batire, chifukwa ukatseka pamenepo wapha galimoto. Mkazi wanga ankandibweretsera tiyi ndili pansi pa galimoto, n'kuima pang'ono, n'kubwerera m'nyumba.

Phokoso linachepadi, koma panatsala kulira kumodzi kwa wuuu. Ndinkakumva bwinobwino, osadziwa mbali. Ndinakweza mawilo onse pa jeke, zala sizinandiuze kanthu.

Tsiku lina m'mawa NyaMsiska anandipempha kuti ndimupititse kuchipatala pa boma. Ndinaganiza kuti ndi za kuthamanga kwa magazi, poti ankamwa mankhwala ake. Ndinamudikira panja ndikucheza ndi madalaivala anzanga. Anatuluka dzuwa litapendeka, atagwira kabuku kake ka kuchipatala ndi manja awiri. Pobwerera, tisanafike pa Bolero, pali kamtunda ka tara wabwino pamene ndinkafuna kuyesera kulira kuja. Ndinakweza liwiro n'kutchera khutu langa limodzilo. Ndinaona kuti mkazi wanga wayamba kulankhula, akuyang'ana kutsogolo, ndipo analankhula nthawi yaitali kuposa masiku onse. Ndinaganiza kuti ndi nkhani za umanyano. Atasiya ndinati, "Yewo, mama. Yewo chomene." Kenako ndinakhotetsa galimoto pang'ono uku ndi uku, n'kumufunsa ngati akumva kuti phokosolo likuchokera mbali yake kapena yanga. Anandiyang'ana kanthawi, n'kutembenukira kuwindo.

Loweruka anandipeza ndikumasula wilo. Anagwada chapatali n'kunena mokweza ndithu kuti akupita ku Nchenachena kukaona amayi ake. Ndinati ndimuperekeze pa galimoto, anakana. Madzulo m'pamene ndinaona kuti watenga chikwama chachikulu, yunifolomu ya umanyano ndi Baibulo lake. Foni yake inkaitana osayankhidwa. Masabata awiri anatha ndikudya kwa mlongo wanga, amene ankandiyang'ana ngati ndaba nkhuku. Kwathu kuno mkazi wolowoledwa sabwerera kwa makolo ake ndi chikwama chachikulu pa nkhani yaing'ono. Tulo ndi chakudya zinandithawa, koma ndikafufuza mlandu wanga sindinkaupeza. Kenako unabwera uthenga wochokera kwa alamu anga, mchimwene wake wamkulu, mphunzitsi wa pa mishoni komanso mkulu wa mpingo. Anati ndipite, ndipo ndisapite ndekha, nditenge thenga, amene kumwera amati nkhoswe.

Thenga wathu ndi a Gondwe, munthu wokalamba amene anayenda pa nkhani ya malowolo athu. Anakhala mpando wakutsogolo, ndipo njira yonse yokwera mapiri, m'matope ndi m'miyala, ankandilangiza zokayankha. Sindinamvepo ngakhale liwu limodzi.

Anatikhazika pakhonde la nyumba ya aphunzitsi, kumunsi kukuoneka minda ya khofi. NyaMsiska sanatuluke. Alamu anga anayamba ndi pemphero lalitali, ndipo ndinakhala mowapatsa khutu lakumanja kuti ndisaphonye kanthu. Atati ameni anapukuta magalasi awo, n'kunena kuti iwo si anthu okonda milandu, ali ndi funso limodzi lokha.

"Alamu, mlongo wanga anakuuzani m'galimoto kuti madokotala amupeza ndi chotupa m'bere, ndipo akufunika opaleshoni ku Mzuzu. Anakuuzani kuti sakudziwa ngati adzamuona Tiwonge akumaliza sukulu. Inu munayankha kuti yewo chomene, zikomo kwambiri. Ife monga banja tikufuna tidziwe, munkathokoza chiyani?"

Ndinaona msewu uja, kabuku kaja m'manja mwake, ndi ine mwini ndikukhotetsa galimoto uku ndi uku ngati wamisala. A Gondwe anayamba kukonza pakhosi kuti andilankhulire monga mwa mwambo, koma ndinawagwira bondo. Ndinatsika pampando n'kukhala pansi pa simenti. Ndinanena zonse, za tayala la lole, za magazi, za Amidu ndi kanyimbo kake, za chifukwa chenicheni chimene ndinachotsedwera ntchito. Ndinachita manyazi kwambiri.

Alamu anga sanagwedezeke. Anati pa zaka zawo za uphunzitsi anaona ana ambiri amene amadwala tsiku la mayeso, ndipo ugonthi wobadwa lero pakhonde lawo ndi wovuta kuulandira. Anati kumudzi kwathu komwe anthu akunena kuti ndinasiya mkazi ndi ana ku Joni, n'chifukwa chake sindiyang'ana mlongo wawo kumaso, ndipo mwamuna wotero akamva za chotupa akhoza kuthokozadi. Anandifunsa ngati ndili ndi kalata ya dokotala. Ndinalibe. A Gondwe anayesa kuikapo mawu, koma anawonjezera moto, chifukwa anati iwo ndayenda nawo bwinobwino ndipo ndimayankha malangizo awo onse.

Pamenepo chitseko chinatseguka. NyaMsiska anali atamva zonse ali m'kati. Anali ataonda, chitenje atachimanga pamwamba. Sanapereke moni. Anayenda n'kudzagwada kumanzere kwanga, pafupi kwambiri moti ndinamva mpweya wake patsaya, ndipo analankhula. Ndinaona a Gondwe akugwetsa nkhope pansi. Alamu anga anavula magalasi, pakamwa pali yasa. Ine ndinkangomva nyenje yanga ija. Kenako anadzuka, kuzungulira kumbuyo kwanga, n'kugwada kumanja.

"Ndakutukwanani, awiske Tiwonge," anatero, kunditchula kuti bambo a Tiwonge mwa chikwathu. "Mawu amene sindinatchulepo chibadwire. Mukanamva mukanaimirira." Anatembenukira kwa mchimwene wake n'kunena kuti munthuyu sakunama. Mpaka lero sanandiuze kuti anati chiyani, ndipo a Gondwe ndikawafunsa amangopukusa mutu.

Ndinkayesa kuti zatha, koma ayi. Anandiyang'ana m'maso, misozi osatuluka, n'kundifunsa kuti iye anali ndani kwa ine. Anati anandidikira zaka zonse zija, anaika maliro a bambo anga ine kulibe, anakana amuna amene ankamuuza kuti wa ku Joni sabwera, ndiye ine n'kumubisira khutu, chinthu chimene Myao wa ku Mangochi ankachidziwa. Anati kunyozedwa akanatha kupirira, koma miyezi yonseyi wakhala akulankhula yekha ngati wopenga, ine ndikumata phula m'zitseko. Kwa nthawi yoyamba sindinayese kupeza mawu otsekera.

Za kubwerera ku Mwazisi anati tidzakamba akadzatuluka m'chipatala, ngati adzatuluke. Alamu anga anati iwo apeza kale galimoto ya pa mishoni yomutengera ku Mzuzu Lachinayi. NyaMsiska anati galimoto ya pa mishoni ili ndi odwala ake. Ngati ndikufuna, ndifike Lachinayi m'mawa, ndipo ndikachedwa sadikira.

Ndinafika mame asanaume. Ndinamutsegulira chitseko chakutsogolo monga mwa masiku onse, koma iye anazungulira galimoto n'kukalowa kumbuyo, mpando wa kuseri kwa dalaivala. Amayi ake anapemphera atagwira chitseko, ndipo tinanyamuka. Potsika mapiri ndinangogwira chiwongolero ndi manja awiri, kuzemba maenje mosamala ngati ndanyamula mazira. Kulira kwa wuuu kuja kunalipobe, koma sindinakulabadire.

Titalowa mu tara wa ku Mzuzu panali potsetsereka, ndipo injini inazima yokha. Ndinamva mpando wanga ukukokedwa pang'ono. Mkazi wanga anasendera kutsogolo, nkhope yake pakati pa mpando ndi chitseko, pakamwa pake pafupi ndi khutu langa lamoyo.

"Mukundimva?"

Ndinati ndikumva.

"Ndikuopa, awiske Tiwonge. Ndikuopa chomene."

Ndinaimika galimoto pambali pa msewu, chifukwa maso anga sankaonanso kutsogolo.